Malamulo a Zambia ndi Nkhani ya Amuna kapena Akazi Okondana Okhaokha: Zimene Mkhristu Ayenera Kudziwa



Pali nkhani zina zimene timakamba motsitsa mau tikatuluka m'chalichi, koma poyera sitizifotokoza. Imodzi mwa izo ndi ya amuna amene amakopeka ndi amuna anzawo, ndi akazi amene amakopeka ndi akazi anzawo. Mafunso ake amafika ndithu kwa abusa ndi akulu a mpingo. Mwini nyumba ku Kanyama afuna kudziwa ngati angathamangitse wa lendi amene aneba akumunena. Mwini shopu mu Kamwala afunsa ngati angacotse nchito mnyamata amene makasitomala amamuseka kayendedwe. Kholo ku Chawama lamva mphekesera za mwana wake ndipo usiku tulo sitibwera.

M'maminibasi ndi pamsika mumamveka mayankho awiri. Ena amati boma linavomera kale lamulo lacilendo loteteza anthu otere. Ena amati munthu wotere alibe ufulu uliwonse, ungamucite zimene ufuna. Mayankho onse awiri ndi olakwa, ndipo laciwirili lingamufikitse Mkhristu kundende. N'cifukwa cake taona kuti ndi bwino tifotokoze zimene malamulo a dziko lathu akamba, zimene makhoti aweruza, ndi zimene zimenezi zitanthauza kwa ife a mumpingo. Amene ali ndi mlandu weniweni aonane ndi loya. Pano tingoika maziko.

Kodi tsankho n'ciani pamaso pa lamulo?

M'makambidwe a tsiku ndi tsiku, tsankho ndi kukondera kulikonse. Lamulo limapanikiza tanthauzo lake. Limalemba mndandanda wa zifukwa zimene munthu saloledwa kusalidwa nazo, ndipo amene apita kukhoti kukadandaula za tsankho ayenera kuonetsa kuti cifukwa cimene anamusalira cili pa mndandandawo.

Ndime 23 ya Malamulo Aakulu a dziko lathu imaletsa Nyumba ya Malamulo kupanga lamulo latsankho, ndipo imaletsa wanchito wa boma kusala munthu. Zifukwa zimene inachula ndi izi: mtundu wa munthu ndi khungu lake, fuko, kukhala mwamuna kapena mkazi, kumene acokera, kukhala pabanja kapena ai, maganizo a ndale, ndi cipembedzo. Mu 2016, pamene Malamulo Aakulu anasinthidwa, ndime 266 inaonjezera zina monga msinkhu, kulemala, cinenero, kukhala ndi pakati, thanzi, ndi kulemera kapena kusauka kwa munthu. Lamulo la anchito la Employment Code, nambala 3 la 2019, lili ndi mndandanda wake pa gawo 5, umene umaletsa bwana kusala munthu pomulemba nchito, pomukweza kapena pomucotsa.

Pa mindandanda itatu yonseyi palibe pamene analemba za kukopeka kwa munthu, cimene malamulo a maiko ena amacha sexual orientation. Conco funso loyamba layankhidwa: m'Zambia mulibe lamulo lochula anthu amenewa mwapadera kuti liwateteze ku tsankho. Malamulo athu savomerezanso ukwati wa amuna awiri kapena wa akazi awiri.

Gawo la maufulu m'Malamulo Aakulu silisinthidwa mwakacetecete. Pamafunika referendamu, kuti anthu onse avote. Tinayesa pa 11 August 2016, tsiku limodzi ndi masankho, koma mavoti ovomereza sanafike theka la anthu oyenera kuvota, ndipo gawolo linakhala monga linalili. Ngakhale maufulu atsopano amene anakanika tsiku limenelo anali kunena kuti munthu akwatirane ndi amene si mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake.

Zimene Penal Code imaletsa

Penal Code ndi buku la milandu ndi zilango zake, mutu 87 wa malamulo a Zambia. Linayamba kugwira nchito mu 1931, dziko lino likali Northern Rhodesia pansi pa Britain. Ambiri amaganiza kuti magawo onena za nkhaniyi anabwera cifukwa Zambia ndi dziko lacikhristu. Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza za dziko lacikhristu pa 29 December 1991, ndipo mau amenewo analowa m'Malamulo Aakulu mu 1996. Magawowa anali atakhalapo kale zaka 60 cilengezoco cisanacitike. Ku England kumene anacokera anayamba kuwafewetsa mu 1967, koma kuno anatsala, ndipo mu 2005 Nyumba ya Malamulo inakulitsa zilango zake.

Gawo 155 limakamba za kugonana kumene lamulo limati n'kosemphana ndi cilengedwe. Wopezeka wolakwa amalandira zaka zosacepera 15, ndipo khoti lingamupatse moyo wonse m'ndende. Gawo 156 ndi la kuyesa kucita zimenezo, ndipo cilango cake ndi zaka 7 mpaka 14. Gawo 158 limakamba za zonyansa pakati pa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, cilango cake ndi zaka 7 mpaka 14.

Tsopano taonani bwino apa, cifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Magawo onsewa amalanga mcitidwe, cinthu cimene munthu wacita ndipo boma latsimikizira ndi umboni m'khoti. Mulibe gawo lolanga mmene munthu amamvera mumtima. Mulibe lolanga kayendedwe, mau aang'ono, kavalidwe ka buluku kwa mtsikana, kukonda kuluka tsitsi kwa mnyamata, kapena kufika zaka 35 osakwatira. Anyamata awiri ogona m'cipinda cimodzi mu Kalingalinga cifukwa lendi yakwera sanaphwanye lamulo lililonse. Tikanati tiziwerenga zimenezo ngati mlandu, theka la acinyamata obwera mu Lusaka kudzafuna nchito likanamangidwa.

Tisiyanitsenso nkhani ino ndi kugwirira ana. Munthu wamkulu wogona mwana, kaya mwanayo ndi mtsikana kapena mnyamata, wacita mlandu waukulu, ndipo gawo 155 lomweli limati ngati wocitiridwayo ndi mwana, cilango cisacepere zaka 25. Zotero sitikambirana kuseri kwa chalichi kapena kulipiritsana mbuzi. Timapita kupolisi, ku Victim Support Unit, tsiku lomwelo.

Milandu itatu imene itiphunzitsa

Mu April 2013, Paul Kasonkomona, womenyera ufulu wa anthu odwala, anakamba pa Muvi TV muno mu Lusaka kuti dziko liyenera kuganizira maufulu a amuna ndi akazi okondana okhaokha, makamaka pa nkhondo yolimbana ndi HIV. Apolisi anamumanga atangotuluka. Anamuimba mlandu wokopa anthu pagulu kuti acite zaciwerewere. Mu February 2014 khoti la majisitireti linamupeza wosalakwa. Boma linacita apilo, koma mu May 2015 Khoti Lalikulu linagwirizana ndi majisitireti. Phunziro lake n'lakuti kukamba maganizo ako pa lamulo, ngakhale maganizo amene ambiri sawafuna, si mlandu. Ufulu umenewu uli pa ndime 20, ndipo ndi womwewo umene mlaliki amaimirira nawo pa Kulima Tower ndi Baibulo m'manja.

Caka comweco ca 2013, anyamata awiri a ku Kapiri Mposhi anamangidwa anthu atawanenera kupolisi. Anakanizidwa belo, ndipo anakhala m'ndende kuposa caka akuyembekezera ciweruzo. Mu July 2014 majisitireti anawamasula cifukwa boma linalephera kubweretsa umboni wokwanira. Pamaso pa lamulo anatuluka osalakwa, koma caka cimene anataya palibe anawabwezera. Ife a mu Kamwala tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa ena, pakuti ndende ya Kamwala Remand ili pakati pathu. Ambiri okhala mmenemo sanaweruzidwe. Mau amodzi onenedwa mwaukali papolisi angamutsekere mwana wa munthu kuseri kwa mpanda umenewo miyezi yambiri.

Mlandu wacitatu unacokeranso ku Kapiri Mposhi. Amuna awiri anamangidwa mu 2017, anapezeka olakwa mu 2018, ndipo mu November 2019 Khoti Lalikulu linawapatsa zaka 15 aliyense. Kazembe wa America, Daniel Foote, anadzudzula ciweruzoco poyera. Boma la Pulezidenti Edgar Lungu linakwiya, ndipo mu December kazembeyo anaitanidwa kwawo. Mu May 2020, pa cikondwerero ca Africa Freedom Day, a Lungu anakhululukira akaidi pafupifupi 3,000, ndipo amuna awiriwo anali pakati pawo. Mlandu umenewu uonetsa kuti lamuloli si lakufa, limagwira nchito. Uonetsanso kuti amene anaweruza ndi khoti, ndipo amene anakhululuka ndi Pulezidenti. Aneba analibe mbali pa zonse ziwiri.

Maufulu a munthu aliyense

Ndime 11 ya Malamulo Aakulu imapereka maufulu kwa munthu aliyense wokhala m'Zambia. Siinapatule wocimwa, wokayikiridwa kapena mkaidi. Ndime 12 imateteza moyo. Ndime 13 imati womangidwa auzidwe cifukwa cake m'cinenero cimene amva, ndipo apititsidwe kukhoti mosacedwa. Ndime 15 imaletsa kuzunza munthu kapena kumucita zomucotsera umunthu. Ndime 17 imaletsa kulowa m'nyumba ya munthu kapena kumusecha popanda cilolezo cake kapena mphamvu ya lamulo. Ndime 18 imati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa kapena iye atavomera. Amene waphwanyiridwa maufulu amenewa angapite ku Khoti Lalikulu, monga ndime 28 inenera.

Tiyeni tizibweretse pakhomo.

Kumenya. Amene wamenya munthu mpaka kumuvulaza angakhale m'ndende zaka 5, malinga ndi gawo 248 la Penal Code. Majisitireti sadzamumasula cifukwa cakuti womenyedwayo amanenedwa zakutizakuti. Ngati womenyedwayo wafa, onse amene anaponyapo dzanja angayankhe mlandu wakupha. Boma lenileni linathetsa cilango ca imfa mu December 2022, ndiye gulu la pamsewu lingatenge kuti mphamvu imene ngakhale woweruza alibe?

Kuopseza. Pali anthu amene amapeza cithunzi kapena uthenga m'foni ya mnzawo n'kumuuza kuti atumize ndalama, apo ai aulula kwa makolo, kwa abwana kapena kupolisi. Kulanda ndalama mwa kuopseza ndi mlandu, kaya zimene ukuopseza nazo ndi zoona kapena zabodza. Kunamiza apolisi dala za munthu ndi mlandunso.

Nchito. Gawo 52 la Employment Code limati bwana asacotse munthu nchito popanda cifukwa comveka cokhudza kagwiridwe kake ka nchito, khalidwe lake kapena zosowa za bizinesi, ndipo pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka nchito ayambe wamupatsa mpata wodziyankhira. Mwini shopu amene wacotsa mnyamata cifukwa ca zimene anamva kwa wogulitsa salaula wa pafupi adzafunsidwa ku ofesi ya za anchito kuti umboni wake uli kuti. Mphekesera si umboni.

Nyumba. Mwini nyumba ndi wa lendi ali ndi pangano, lolembedwa kapena la pakamwa, ndipo pangano lili ndi njira yake yolithetsera. Kuthyola citseko usiku, kutaya katundu panja mvula ikugwa, kapena kuitana anyamata kuti amuthamangitse ndi zikwapu, kumasandutsa mwini nyumbayo kukhala woyankha mlandu.

Cipatala. Kiliniki ya boma ndi ya wodwala aliyense, ndipo anamwino ndi madokotala amalamulidwa kusunga cinsinsi ca wodwala. Ndondomeko ya dziko yolimbana ndi Edzi ya 2017 mpaka 2021 inachula amuna ogonana ndi amuna anzawo pakati pa magulu ofunika kufikiridwa ndi cithandizo. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Munthu woopa kunyozedwa sapita kukayezetsa, ndipo matenda amene wabisa sakhala pa iye yekha. Ena mwa amuna amenewa ali ndi akazi ndi ana, ndipo akaziwo timakhala nawo pa benchi limodzi pa Sondo.

Foni. Kuika dzina kapena cithunzi ca munthu pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook n'kulemba kuti ndi wotere kungakufikitseni kukhoti pa mlandu woipitsa mbiri. Ngakhale osafika kukhoti, uthenga wotumizidwa subwezedwa. Umafika kwa anthu amene simuwadziwa, ndipo ena mwa iwo ali ndi miyala m'manja.

Mphekesera siisankha

Ife a m'makomboni a Lusaka taona zimene mphekesera imacita. Mu April 2016, mitembo itapezeka ku George ndi madera oyandikana nawo, kunamveka kuti alendo ndiwo akupha anthu kuti apange mankhwala a bizinesi. Mashopu ambiri a anthu a ku Rwanda anathyoledwa, ndipo mazana a alendo anathawira ku chalichi ca Katolika ca St Ignatius. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo apolisi anapeza kuti onse awiri anali a m'Zambia mommuno. Kuciyambi kwa 2020, pa nthawi ya mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba, magulu anapha anthu ambiri m'dziko lonse cifukwa congowakayikira. Ena anali okalamba osokera njira, ena odwala maganizo.

Bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights, limene lili pansi pa African Union, linakumana ku Luanda m'dziko la Angola mu 2014 ndi kupanga cigamulo nambala 275. Cigamuloco sicinalamule dziko lililonse kuvomereza ukwati wa mtundu wina. Cinapempha maboma a mu Africa kuletsa nkhanza, kugwirira, kupha ndi kumanga anthu mwacisawawa cifukwa ca kukopeka kwawo, kaya n'koona kapena angomuganizira. Mau omalizawa ndi ofunika kwa kholo lililonse. Gulu silifunsa umboni. Lero likuthamangitsa mwana wa aneba, mawa lidzaima pakhomo panu cifukwa wina wadana ndi mwana wanu pa nkhani ya ngongole. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Nanga maiko oyandikana nafe?

Ambiri a ife tili ndi ana ogwira nchito kunja, ndipo amalonda a mu Kamwala amakwera basi kupita ku Johannesburg kukagula katundu. Ndi bwino kudziwa kuti ukaoloka malire, malamulo amasintha.

South Africa inalemba m'Malamulo Aakulu a 1996, pa gawo 9, kuti munthu asasalidwe cifukwa ca kukopeka kwake. Linali dziko loyamba pa dziko lonse kulemba zimenezi m'malamulo aakulu. Mu 2006 inalolanso maukwati otere. Mozambique inaletsa tsankho limeneli panchito mu 2007, ndipo mu 2015 inacotsa zilango zakale za atsamunda. Botswana inaletsa mu 2010 kucotsa munthu nchito pa cifukwa cimeneci, ndipo Khoti Lalikulu linathetsa zilango mu June 2019, cigamulo cimene khoti la apilo linatsimikiza mu 2021. Angola inacita zonse ziwiri m'buku latsopano la milandu limene linayamba kugwira nchito mu 2021. Kumbali ina, Malawi ikali ndi zilango ngati zathu, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana kuzicotsa. Uganda inakhwimitsa lamulo lake mu May 2023 mpaka kuikamo cilango ca imfa pa milandu ina.

Tikayang'ana maiko amenewa tiona kuti pali mafunso atatu osiyana, ngakhale pokangana timawaphatikiza. Loyamba ndi lakuti mcitidwewo ukhale mlandu wopita nawo kundende kapena ai. Laciwiri ndi lakuti munthu atetezedwe ku tsankho panchito ndi m'malo a boma. Lacitatu ndi la ukwati. Botswana inateteza anchito zaka 9 zilango zisanathe. Mozambique, Botswana ndi Angola zinayankha mafunso awiri oyamba, koma ukwati kumeneko ukali wa mwamuna ndi mkazi. Conco munthu akakuuzani kuti kuletsa bwana kucotsa wanchito n'cimodzimodzi ndi kudalitsa ukwati m'chalichi, mufunseni kuti akukamba funso liti.

Tisabisenso cimene cimadetsa nkhawa mipingo. Ku South Africa lamulo la 2006 silikakamiza mpingo kumanga ukwati umene suuvomereza. Komabe mpingo wa Dutch Reformed, umene amishonale ake anafika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, unafika nayo kukhoti nkhaniyi. Sinodi yake inalola mu 2015 kuti mipingo yofuna idalitse maubwenzi otere, kenako mu 2016 inabweza cigamuloco. Mamembala ena anakasuma, ndipo mu March 2019 Khoti Lalikulu ku Pretoria linafafaniza cigamulo ca 2016, ponena kuti sinodi siinatsate malamulo ake omwe ndiponso kuti cigamuloco cinali catsankho. N'cifukwa cake mipingo imawerenga mosamala lamulo lililonse latsopano, kuti ione malire a boma ndi a mpingo ali pati. Kuno kwathu ndime 19 imateteza ufulu wa cikumbumtima ndi wa cipembedzo, kuphatikizapo ufulu wophunzitsa zimene timakhulupirira.

Mpingo uime pati?

Mipingo yambiri m'Zambia imaphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo nkhani ino siinalembedwe kuti isinthe ciphunzitso ca mpingo uliwonse. Zimenezo zili m'manja mwa masinodi ndi misonkhano yake. Cimene tikamba n'cakuti ciphunzitso ca ukwati sicifafaniza ziphunzitso zina za m'Baibulo lomwelo.

Genesis 1 itiuza kuti munthu analengedwa m'cifanizo ca Mulungu, ndipo palibe pamene Malemba amati cifanizoco cimacoka munthu akacimwa. Lamulo lacisanu ndi cinai pa Eksodo 20 limaletsa umboni wonama. Deuteronomo 19 imafuna mboni ziwiri kapena zitatu mlandu usanakhazikike. Pa Yohane 7, Nikodemo anakumbutsa akuluakulu anzake kuti cilamulo sicitsutsa munthu asanamvedwe. Aroma 13, imene timakonda kuichula ponena za kumvera boma, imaika lupanga m'dzanja la olamulira. Amene amati amalemekeza lamulo la dziko pa gawo 155 ayenera kulilemekezanso pa gawo 248 ndi pa ndime 18. Sitingatole vesi limodzi ndi gawo limodzi n'kutaya zotsalazo.

Pa Yohane 8 anabwera kwa Yesu ndi mkazi wogwidwa m'cigololo. Anali ndi mboni, ndipo cilamulo ca Mose cinali kumbali yawo. Ambuye sanauze mkaziyo kuti zimene anacita zinali zabwino, pakuti anamulangiza kusiya chimo. Koma anayamba ndi amuna onyamula miyala aja, kuwafunsa za mitima yawo, ndipo onse anacoka mmodzimmodzi kuyambira akulu. Mkaziyo anamva uphungu wa Yesu cifukwa anali akali moyo. Dera lathu lino dzina lake ndi Kamwala. Mwala umene ambiri a ife timaponya ndi waung'ono ndithu: nthabwala pa kwaya, citsanzo pa ulaliki cimene aliyense adziwa kuti cikuloza ndani, uthenga umodzi pa foni. Koma kamwala kakagunda m'diso, diso limafa.

Mpingo uli ndi mwambo wake wolangira, ndipo Mateyu 18 imaonetsa njira: kuyamba awiri paokha, kenako ndi mboni zocepa, pomaliza mpingo. Colinga cake ndi kubweza m'bale. Zimene munthu waulula kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo pofuna thandizo ndi cinsinsi, ndipo zikatuluka, wacinyamata wina aliyense amene anali kuganiza zobwera kudzakamba amatseka pakamwa.

Kwa makolo tinena mau awa. Mwana amene mwamva mphekesera zake, kapena amene wakuuzani yekha zimene zili mumtima mwake, akali mwana wanu. Wa zaka zosakwana 18 lamulo limati mumusamale, kumudyetsa ndi kumuphunzitsa. Wothamangitsidwa usiku sapita kwa abusa. Amapita kukagona pa Intercity kapena kwa aliyense amene angamupatse nsima, ndipo mudziwa mtengo umene ena amalipiritsa pa nsima yotero. Musapange cigamulo tsiku limene mwamva. Khalani pansi, pempherani, ndipo funani munthu wokhwima maganizo wosunga cinsinsi kuti akhale nanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kopita ngati pavuta

Amene wamenyedwa, waopsezedwa kapena walandidwa ndalama ali ndi ufulu wokadandaula kupolisi ngati nzika ina iliyonse. Tidziwa kuti ambiri amaopa kuti nkhani ingawatembenukire, n'cifukwa cake ndi bwino kuyamba waonana ndi loya kapena kupita ndi munthu wamkulu wodalirika. A Legal Aid Board amathandiza amene alibe ndalama za loya. A Human Rights Commission amalandira madandaulo a kuphwanyidwa kwa maufulu, ndipo ali ndi mphamvu yoyendera ndende ndi maselo a polisi. Ngati wolakwa ndi wapolisi, kuli Police Public Complaints Commission. Za nchito zimayambira ku ofesi ya za anchito, ndipo zikakanika zimapita ku gawo la Khoti Lalikulu loona milandu ya anchito.

Tipempha akulu a mpingo, atsogoleri a amai, a madodana ndi a acinyamata kuti nkhani ino iwerengedwe m'magulu awo. Mukamva kuti anthu akusonkhana pakhomo pa wina m'dera lanu, musaime patali kuonerera. Itanani apolisi, itanani abusa, ndipo ngati kuli kotheka mutsegulireni citseko wothamangitsidwayo kufikira mtima wa gulu utatsika. Mukatero simunavomereze chimo la munthu aliyense. Mwapulumutsa moyo umodzi, ndipo mwapulumutsanso ana a aneba anu amene akanadzuka m'mawa ali ndi mlandu wa magazi.

Ambuye atipatse nzeru ndi mtima wacifundo pamene tikamba nkhani zovuta zimenezi m'mabanja ndi m'mipingo yathu.